Tenanti Woyamba wa ku Linthumbu

Mzere wa feteleza pa Mtunthama unayambira pakhomo la depoti, kudutsa kutsogolo kwa chigayo, n'kukathera kuseri kwa okonza njinga. Theka la mzerewo linali anthu, theka linalo miyala. Ndi momwe zimakhalira nyengo ya makuponi: dzuwa la Novembala likakukwana, umaika mwala pamalo pako, n'kumuuza woyandikana naye kuti mwala uwu ndine, kenako n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Anthu amaulemekeza mwalawo, ena mpaka kukusunthira mzere ukasuntha. Koma ulemuwo umathera pomwe chitseko cha depoti chatsegukira. Chikangotseguka, mwala ndi mwala basi.

Lefina Mphepo, amene kwawo ku Wimbe amangomuti amake Yobe, miyala sankaikhulupirira. Anaima yekha pamalo pake chiimire kuyambira m'mawa, kuponi atayikulunga m'kapepala ka shuga n'kuyimanga pansonga ya chitenje. Kumbuyo kwake kunali mlamu wake Ezelina, mayi woti pakamwa pake sipadziwa kupuma. Feteleza wa kuponiyo boma limati ndi wa chimanga, ndipo aliyense pamzerepo akanavomera ndi mutu mukanamufunsa. Koma kuno ku Kasungu thumba likalowa m'nyumba limadziwa lokha njira ya kumunda wa fodya.

Dzuwa lili pamutu, kunatulukira basi yoyera ya mizere yobiriwira, ikuyenda pang'onopang'ono kuopa mbuzi ndi njinga. Atsikana anatulutsa mikono pamawindo, akumenya m'mbali mwa basiyo ndi kuimba mogwirizana:

"Thyola! Soka! Pachika! Thyola! Soka! Pachika!"

M'mbali munalembedwa kuti Yunivesite ya Linthumbu. Kumbuyo, ndi zilembo zikuluzikulu zodzikuza, panalembedwa kuti Matenanti.

"Amake Yobe, inu maso anu amawerenga msanga, ndi ayani amenewa?" anafunsa Ezelina. "Akuti thyola, thyola, fodya wake uti Novembala uno, mbande zikadali kunazale? Kapena kwawoko amathyola dothi?"

Lefina anangoitsatira basiyo ndi maso. Basi inakhota n'kukaima pabwalo la sukulu ya pulayimale, kutsidya kwa msewu. Woyamba kutsika anali mayi wovala zamasewero, wezulo ikulendewera pakhosi. Atangoponda pansi anagwira m'chiuno ndi manja onse awiri n'kuyang'ana uku ndi uku, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomvera mphamba. Padziko pano panali munthu mmodzi yekha amene amaima choncho, ndipo anali Olive.

Zaka zonsezi Lefina anakhala akumulakalaka Olive, ndipo zaka zomwezo anakhala akumuthawa. Tsopano anali apo, pamtunda woti ukakuwa amva, ndipo Lefina sankadziwa ngati awoloke msewu kapena abisale kuseri kwa Ezelina mpaka basiyo ichoke.

Anthu a ku Wimbe amadziwa kuti amake Yobe anapitako ku yunivesite, koma amazidziwa ngati momwe umadziwira kuti uje anadwalapo chikuku ali mwana: zinachitika, zinapita. Chaka chomwe makuponi anayamba ndi chomwe dzina lake linatchulidwa pawailesi pakati pa osankhidwa. Bambo ake anavina pabwalo wailesi ili m'manja mpaka mabatire anagwa. Amayi ake anali atamwalira kale, ndiye bamboyo anavinira awiri. Ku Linthumbu, kum'mwera kuja, Lefina anakaphunzira za nthaka, ndipo anamuika chipinda chimodzi ndi Olive, mwana wa m'tauni amene fodya ankamudziwira m'ndudu mokha. Olive ndi amene anamuyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu n'kunena kuti utali woterowo si wotayira mulaibulale. Anamukokera ku mpira wamanja. Lefina anakhala wotchinga kumbuyo, Olive wogoletsa kutsogolo.

Mu Febuluwale wa chaka choyambacho uthenga unabwera woti fodya wapsa ndipo bambo msana wawagwira. Fodya akapsa sadikira digiri ya munthu. Lefina anakwera basi, anakathyola, anasoka, anapachika m'chigafa, n'kubwerera pa lole ya matumba m'mawa wa tsiku lomwe timu yawo inkakumana ndi koleji ya m'tauni. Aliyense amene anathyolapo fodya amadziwa zomwe tsambalo limachita. Limatulutsa utomoni womata, fumbi n'kukakamirapo, manja n'kuda bii mpaka m'zikhadabo. Sopo amangokuseka. Pamafunika parafini, mchenga ndi kuleza mtima, ndipo Lefina analibe chilichonse mwa zimenezi.

Atangokweza manja kutchinga wogoletsa wa timu inayo, mnyamata wina pagulu la ochemerera anakuwa kuti, "Tenanti wasokera uyo. Bwerera kuesiteti, abwana akukufuna." Gulu lonse linawalandira mawuwo ngati nyimbo: tenanti, tenanti. Lefina anafumbata manja. Anayamba kusewera mikono ili pansi, kubisa zikhatho m'siketi, ndipo a m'tauni anagoletsa mmene anafunira. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti bambo ake sanakhalepo tenanti wa munthu. Munda unali wawowawo, wa makolo. Pambuyo pake anadzachita manyazi kuti chimenecho n'chomwe chinamuwawa, poti matenanti anali anthu omwe ankatunga nawo madzi pamjigo umodzi.

Nthawi yopumulira, Olive sanalankhule ndi munthu. Anapita kwa bambo wina wootcha chimanga m'mbali mwa bwalo, anatola khala lozima pansi pa mbaula, n'kulifikisa m'manja mpaka zikhatho zinada. Anabwerera n'kukaima kutsogolo kwa anyamata aja manja ali m'mwamba. Atsikana ena onse anathamangira kumbaula, wachimanga uja akudandaula kuti amuthera makala. Lefina, misozi ndi kuseka zitasakanikirana, anawasonkhanitsa n'kuwauza chomwe anaona. "Akupatsirana mpira pansi poopa utali wangawu. Koma fodya timayamba kuthyola masamba apansi. Ine ndithyola, inu apakati musoke, Olive upachike." Pamasewerowo anagonjabe, tisanamizane. Koma pobwerera ku hositelo anyamata a ku Linthumbu anali atadetsa manja nawonso, akuimba mawu atatu aja msewu wonse.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo, bambo ake anamwalira. Lefina anabwera kumaliro ndi kachikwama kakang'ono, atamuuza Olive kuti asamutsukire mbale yake, abwera atsuka yekha. Atachoka kumanda anapeza fodya akupsa m'munda, azing'ono ake akumuyang'ana, amalume akuyendera malire a mundawo ngati akuuyeza. Lefina anati athyole kaye. Atathyola anati asoke kaye. Kenako kunali kusankha, kudinda mabelo, kudikira okushoni, ndipo mayeso anadutsa iye ali m'chigafa. Olive ankaimba foni. Poyamba Lefina ankayankha kuti sabata yamawa. Kenako ankangoiyang'ana foniyo mpaka isiye kulira. Tsiku lina anatulutsa kakhadi ka m'foniyo n'kukaponya kudzala. Anakwatiwa ndi Lemani, mwamuna wofatsa wosafunsa zambiri, ndipo ana anabwera.

"Mlamu, mwatani?" Ezelina anamukodola m'nthiti. "Maso ali kubasi ngati mwaona wangongole. Pitani mukaone mpirawo. Chitseko ichi sichitseguka msanga, akalaliki akudya kaye. Ikani mwala, ndikuonererani."

"Ndingokaona pang'ono," anatero Lefina. Iye amene ankaseka anzake a miyala anawerama n'kutola chidutswa cha njerwa, anachiika pomwe panali mapazi ake.

Pabwalo panali patadzaza ana asukulu, akabaza ndi amayi ogulitsa mandasi. Lefina anatsitsa duku mpaka pansidze n'kukaima kumbuyo kwa mayi wina wonenepa wa beseni la nthochi. Kuchokera pamenepo ankamuona Olive bwinobwino. Anali atanenepako, tsitsi lalifupi, koma kaloza kake kanali komweko, kolozera ndi chala chapakati. Lefina anamva chikondi chikumukwera pachifuwa mpaka chinamupweteka. Anafuna kumuitana, koma anangotsitsanso duku.

Masewero asanayambe, atsikana a ku Linthumbu anapanga bwalo. Mmodzi anatulutsa kachitini kokutidwa ndi nsalu yobiriwira, n'kukanyamula ndi manja awiri mwaulemu ngati mbale ya chopereka kutchalitchi. Mkatimo munali makala osinja osakaniza ndi mafuta odzola. Aliyense anapisa zala, anapaka zikhatho, ndipo onse pamodzi anakweza manja akuda kuloza timu ya atsikana a ku Kasungu. A ku Kasunguwo, amene theka la iwo manja awo amada okha Febuluwale aliyense popanda chitini, anangoyang'anana.

Kenako kaputeni, mtsikana wowala pankhope amene anzake ankamutchula kuti Success, anatenga chimkuzamawu n'kutembenukira kwa ana asukulu.

"Azichemwali anga, mukudabwa kuti ophunzira a payunivesite akudzitchuliranji Matenanti. Lero tabwera kwawo kwa dzinali. Kalekale kusukulu kwathu kunabwera mtsikana wa kuno ku Kasungu, dzina lake Lefina, mwana wa tenanti wosaukitsitsa. Nsapato analibe. Anafika pamasewero manja ali bii ndi fodya, anthu n'kumuseka. Anzake anadetsa manja kuti akhale ngati iye, ndipo tsiku limenelo anawakwapula a m'tauni mpaka anathawa pabwalo. Kuyambira pamenepo timu iliyonse ya kwathu, ya miyendo, ya manja, ngakhale ya mtsutso, imapaka makala. Mayaro, ndiye kuti a chaka choyamba, savala yobiriwira asanaphunzire mawu ake atatu aja."

Lefina anatsala pang'ono kuyankha mokweza. Nsapato anali nazo, zabuluu, bambo ake anamugulira pa Kasungu boma. Ndipo amene anathawa pabwalo ndani? Anagwira pakamwa kubisa kuseka kosakanikirana ndi mkwiyo.

Kamtsikana kena ka yunifolomu yong'ambika paphewa kanakweza mkono. "Nanga panopa ali kuti?"

"Ali ku Mangalande," anayankha Success mosakayika konse. "Ndi dokotala wa za nthaka. Azungu amakhala pansi iye n'kumawaphunzitsa. Ndipo Loweruka lililonse amasewerabe mpira."

Ana anaomba m'manja. Mayi wa nthochi anapukusa mutu mosilira n'kunena kuti makolo ake a mwana ameneyo akudyerera.

Kuseka kuja kunamuthera Lefina. Ankayembekeza kuti mwina anamuiwala, kapena amamutchula ngati chitsanzo cha otaya mwayi. Izi sanaziganizepo. Anaima pamenepo, fumbi la Mtunthama lili m'miyendo, n'kumuona m'maganizo mkazi wa ku Mangalande uja bwinobwino. Wavala chijasi chachitali, akutsika masitepe a nyumba yaikulu mabuku ali m'khwapa, mpweya ukutuluka utsi mkamwa chifukwa cha kuzizira. Ali ndi ofesi ya dzina lake pachitseko. Loweruka amamanga zingwe za nsapato. Mkazi ameneyo anali ndi nkhope yake, miyendo yake, mpata wake wa pamano. Lefina anamusirira, ndipo anamukonda nthawi yomweyo. Sanadziwe kuti zaka zonsezi, iye akuthirira nazale kudambo, kunali kwina komwe anamaliza sukulu.

Wezulo inalira, mpira unayamba. Ana a ku Linthumbu ankasewera bwino, koma wotchinga wawo ankadumphira mpira uliwonse wa m'mwamba n'kusiya ya pansi ikumudutsa m'maondo. Lefina anapezeka akung'ung'udza yekha, "Pansi, iwe, yamba pansi." Mapewa ake ankagwedezeka okha. Mayi wa nthochi anamucheukira kawiri, n'kusendeza beseni lake.

Ndiye mpira wina unaponyedwa mwamphamvu mopitirira, unadutsa pamwamba pa ana okhala pansi, ukulunjika pabeseni la nthochi. Lefina sanaganize. Anadumpha, anauthyola m'malere ndi manja awiri, n'kutera ndi phazi lamanzere. Phazilo linakhazikika pansi osasunthanso, monga lamulo la mpirawo limanenera, thupi n'kuzungulira pa ilo. Mtsikana wa ku Kasungu anali atabwera kale kumzere wa m'mbali mwa bwalo, manja atatambasula kudikira kuti amayiwa amupatse mpira. Koma maso a Lefina anachita zomwe ankachita kale akangogwira mpira: anafunafuna Olive. Anamupeza kutsidya kwa bwalo, ndipo mkono unaponya wokha. Mpira unadutsa bwalo lonse mosakwera mosatsika, n'kukamenya pachifuwa pa mphunzitsi wa timu.

Olive anaugwira. Akabaza anaimba mluzu, ana anaseka kuti amayi aponyera wolakwika. Duku la Lefina linali litagwa. Olive anayang'ana mpira, anayang'ana komwe wachokera, ndipo wezulo inagwa pakamwa pake.

Lefina anatola duku n'kuyamba kuyenda mofulumira kulowera kuseri kwa makalasi. Anafika pamjigo, n'kumva mapazi akumuthamangira.

"Lefi."

Palibe anamuitanapo choncho chichokereni ku Linthumbu. Anaima, koma anatenga nthawi kuti acheuke.

"Wanenepa, Olive," anatero, poti mawu ena onse anali atamuthawa.

"Iwe ndiye ayi. Miyendo yomwe ija ngati mikangala yopachikira fodya." Olive anayesa kuseka. Anamukumbatira mwamphamvu, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, Lefina akumva fungo la mafuta abwino m'khosi mwa mnzake, akudziwa kuti iye akununkha thukuta la pamzere. Atasiyana, pabulauzi ya Lefina panatsala zidindo ziwiri za manja a Olive akuda ndi makala.

"Foni yako ndinaimba mpaka inayamba kuyankhidwa ndi bambo wina wa ku Karonga," anatero Olive. "Ndinabwera pa Kasungu boma kufunsa kwa a Mphepo, anandifunsa kuti a Mphepo ake ati. Ukuganiza kuti timu imeneyi ndimaibweretseranji kuno? Chaka chatha tinali ku Chisemphere. Akuluakulu kusukulu amati ndimakonda ana akumudzi. Ine ndimangoyang'ana m'gulu, kufuna mutu wotalika kuposa ina."

Lefina anayang'ana pansi. "Ndikanakuuza chiyani? Iwe uzindiuza za mayeso, ine ndizikuuza za mbozi za kunazale? Mawu ako ankandipweteka, Olive. Ndikangowamva ndinkaona chipinda chathu, windo lija losatsekeka, njira yopita kulaibulale. Ndiye ndikadula foni ndinkapezeka ndili m'chigafa. Ndinatopa n'kubwerera kawirikawiri."

"Ukanangonena kuti uli moyo."

"Ndinalakwa pamenepo."

Anakhala pakhoma la mjigo. Olive anafunsa za ana, Lefina anatchula Yobe, Faustina ndi wamng'ono amene wangosiya kuyamwa. Lefina anafunsa za hositelo yawo, Olive anati anaipenta yachikasu ndipo windo lija silitsekekabe. Mtengo wa mbawa wa pabwalo anaudula. Bambo wootcha chimanga uja anakalamba, koma timu imagulabe makala kwa iye yekha, ndipo amadzitama kuti yunivesite yonse inayambira pambaula yake. Lefina ankameza mawu aliwonse. Anafuna kufunsa za chilichonse, ngakhale za nyemba zosapsa za kukafeteriya.

"Nanga za ku Mangalandezi?" anafunsa potsiriza.

Olive anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Nditabwerera kukaphunzitsa, ana ankandifunsa kuti Tenanti woyamba ali kuti. Ndinkati sindikudziwa. Chaka china ndinamva akuti uli ku Joni. Chaka chinacho unali utawoloka nyanja. Sindinawatsutse." "Udokotalawo ndinakupatsa ndine. Unkaunena usiku ndi usana mpaka ndinkatseka makutu ndi pilo. Ndiye ndinaona kuti chinthu chimenechi chokha ndisakumane."

Kutsidya kwa msewu kunabuka phokoso, anthu akuthamanga, njinga zikugwa. Chitseko cha depoti chinali chitatseguka. Pamwamba pa phokoso lonselo panamveka mawu a Ezelina akuitana amake Yobe. Lefina anamva, ndipo anadziwa kuti njerwa yake yapondedwa kale, koma sanadzuke.

Olive ndiye anadzuka, n'kumugwira dzanja. "Tiye. Akupumulira tsopano. Ana awa amaimba dzina lako chaka ndi chaka, ena amalilemba pamalaya. Akakuone ndi maso. Ukapake makala wekha m'manja mwawo. Success akomoka, ndikukuuza."

Lefina anaima, anayenda naye mpaka pakona ya kalasi. Kuchokera pamenepo ankawaona atsikana atakhala mozungulira pa udzu, akumwa madzi, kachitini kali pakati pawo. Mtima wake wonse unafuna kupita. Anafuna kukhalanso m'bwalo limenelo, bondo kugundana ndi bondo la mnzake, kumva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa anthu ambiri. Anachita kugwira khoma.

"Ayi, Olive."

"Manyazi a chiyani? Palibe angakuseke. Woyamba kuseka ndimusiya pompano, abwerere wapansi."

"Si manyazi. M'mawa uno akanakhala manyazi, koma pano ayi." Lefina anafunafuna mawu. Akanatha kunamizira ana asukulu aja, kunena kuti asawalande chitsanzo chawo, ndipo Olive akanamvetsa. Koma kwa Olive sanafune kunamanso. "Mwana uja akulankhula, ndinamuona Lefina wakoyo. Ndinamuona ndithu, ndi chijasi chake. Ine ndinkadziwa kuti zonse zinathera m'chigafa, osadziwa kuti kwina zinapitirira. Ndikangofika apo n'kunena kuti ndine, mkazi ameneyo amwalira lero. Ndipo ine ndamudziwa lero lomwe."

"Koma si weniweni, Lefi. Weniweni ndiwe."

"Ine ndilipo kale. Ndimadzuka kuno tsiku lililonse, palibe angandichotse. Koma uyo alibe pena pokhala, amakhala m'kamwa mwa ana akowa basi. Ndikamathirira mbande madzulo ano ndikufuna ndizidziwa kuti kwinakwake akumanga nsapato. Undisiye komweko, Olive. Ndapota nawe."

Olive anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta. "Ndiye ndakupeza kuti ndikubisenso?"

"Iwe wandipeza. Ufunse kwa a Lemani, kuseri kwa tchalitchi cha Katolika ku Wimbe. Ubwere wekha, basi yako yaphokosoyo uisiye." Anayesa kumwetulira. "Koma ukakonzeko pang'ono. Nsapato ndinali nazo. Ndipo tinagonja."

"Za nsapato ndikonza," anatero Olive akufwenthera. "Zogonjazo iwala."

Woimbira analiza wezulo kuitana matimu. Olive anafinya dzanja la mnzake, analisiya, n'kuyamba kubwerera pabwalo akukonza nkhope. Lefina anamanga duku. Njira yopita kumsewu inkadutsa kumbuyo kwenikweni kwa atsikana aja, ndipo anaidutsa mutu uli pansi, ngati mayi aliyense wochedwa kumzere.

"Madamu," anamva mawu a Success, "amayi aja ndi ndani? Mkono umene uja si wamasewera. Mumadziwana?"

Lefina anachepetsa liwiro osafuna. Olive sanayankhe msanga, ndipo m'kanthawi kameneko Lefina anazindikira kuti mbali ina ya mtima wake ikupempha kuti mnzakeyo aswe pangano, atchule dzina, amuitane abwerere. Anadikira, phazi lili m'malere.

"Ndi mayi wina wa konkuno," anatero Olive, mawu ali osasa. "Amagwira bwino mpira. Tiyeni, lowani."

Atsikana anadzuka akuomba m'manja. Lefina anaponda pansi n'kupitiriza. Anapempha yekha, ndipo mnzake anamupatsa ndendende chomwe anapempha, koma sanadziwe kuti chidzawawa chotere. Anawoloka msewu osaona bwino kutsogolo, wakabaza wina n'kumukalipira kuti ayang'ane njira. Kumbuyo kwake bwalo lonse linayamba kuimba za Lefina wa ku Mangalande, ndipo iye anakaima kumapeto kwa mzere, kuseri kwa okonza njinga, akumvetsera mpaka nyimboyo inatha.